Wamanzere, Mfuti ndi Sizasi: Cholakwika Si Dzanja

Ine ndine wamanzere. Ndinakulira m'malayini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili sitandade 1 zala zanga zinkadziwana bwino ndi rula ya aphunzitsi. Ndikangogwira pensulo ndi dzanja lamanzere, phwa! Kunyumba agogo ankati mwana wodyera kumanzere alibe mwambo. Lero ndimalemba ndi dzanja lamanja, koma zolemba zake ngati padutsa nkhuku.

Chimene chinanditsegula maso ndi mfuti, ngakhale sindinawomberepo. Agogo aamuna anali msilikali wa King's African Rifles, gulu lija chipilala chake chili ku Zomba. Mfuti yawo inali Lee-Enfield .303, ya mtundu wa bolt-action. Mfuti yotere ili ndi chitsulo chokhala ngati loko wa chitseko: ukawombera, umatukula chogwirira chake, n'kukokera m'mbuyo kuti khoko la chipolopolo litayike, n'kukankhira kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe, kenako n'kutsitsa kuti chitseke. Chogwiriracho chili kumanja, ndipo khoko lotentha lija limathamangiranso kumanja, kutali ndi nkhope ya munthu wogwiritsa dzanja lamanja. Agogo ankati ku usilikali kunalibe za "ine ndine wamanzere". Aliyense ankaphunzira kumanja basi.

Tsopano ganizirani mlenje wa ku chigwa cha Luangwa ku Zambia, komwe kusaka nyama zikuluzikulu ndi chilolezo kumachitikabe m'madera ozungulira mapaki. Kapena ganizirani woteteza nyama amene watumidwa kukathana ndi njati yovulala. Kumeneko amakonda mfuti zamphamvu monga .375 H&H Magnum, yomwe inayamba mu 1912. Njati ikamabwera, chipolopolo chachiwiri chimafunika msangamsanga. Wamanzere atanyamula mfuti ya kumanja, dzanja lake liyenera kudumpha pamwamba pa mfuti kukapeza chogwirira, kapena aitsitse kaye paphewa. Apo wataya nthawi, diso lachokanso pa nyama. Palinso china: mfuti zambiri zotere zili ndi kabowo kotulutsira mpweya wotentha ngati khoko litaphulika, ndipo anakakonza poganizira nkhope ya munthu wakumanja.

Nanga bwanji osangopanga zakumanzere zambiri? Yankho lili m'masamu a fakitale. Pa anthu 10 aliwonse, wamanzere amakhala mmodzi. Kupanga mfuti yakumanzere kumafuna zitsulo zina zosemedwa motembenuza, ngati chithunzi cha pagalasi, ndi kutchera makina mwatsopano. Ogula mfuti za njati ndi njovu ndi ochepa kale, ndiye chotsanipo mmodzi pa 10. Makampani monga Ruger, Savage ndi Tikka amapanga zakumanzere, koma pa mitundu yowerengeka. Katundu wochepa amasowa, akapezeka amadula.

Musandimve molakwa, sindikukuuzani kuti mukafune mfuti. Kuno kwathu kukhala nayo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo nyama za ku Majete, kumunsi kwa phiri lathuli, n'zotetezedwa. Ndatchula mfuti chifukwa pamenepo vutoli limaonekera poyera. Koma vuto lomwelo lili m'kalasi mwanu, pa sizasi.

Tengani sizasi wamba ndi dzanja lamanja. Podula, chala chachikulu chimakankhira kunja pang'ono, zala zinazo zimakokera mkati, ndipo mphamvu imeneyi imafinyitsa mipeni iwiri ija kuti ikhudzane. Isamutsireni kumanzere. Mphamvu yomweyo tsopano ikutalikitsa mipeniyo, pepala likungopindika n'kulowa pakati. Mpeni wapamwamba ukuphimbanso mzere umene mukufuna kutsatira. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndine mbuli pa zodula, pomwe vuto linali kapangidwe ka chitsulo. Polemba n'chimodzimodzi: timalemba kuchokera kumanzere kupita kumanja, choncho wakumanja amakoka cholembera, wamanzere amachikankha, dzanja n'kumapukuta inki yosauma.

Umanzere suchita kuphunziridwa, komanso si matsenga. Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mitsempha yake imapingasana potsikira kumsana: mbali yakumanzere imalamula dzanja lamanja, yakumanja imalamula lamanzere. Zithunzi za sikani zimaonetsa kuti ana ambiri amayamwa chala chakumanja asanabadwe, ochepa chakumanzere. Chibadwa cha makolo chimathandizirako koma sichimaliza nkhani, pakuti ngakhale mapasa ofanana ndendende amatha kusiyana, wina wamanja wina wamanzere. Barack Obama ankasainira malamulo a dziko la America ndi dzanja lamanzere.

Diso nalonso lili ndi mbali yake, ndipo izi mungayese pompano. Pangani kabowo ndi zala za manja onse, tambasulani mikono, yang'anani chinthu chakutali kudzera pamenepo maso onse ali otsegula. Tsinzinani limodzi, kenako linalo. Diso limene likuonabe chinthucho ndilo lolamulira. Ena mupeza kuti ndinu amanja koma diso ndi lakumanzere. Ena mwa anthu otere nawonso amafuna mfuti yakumanzere, kotero osowa katunduyu ndi ambiri kuposa momwe manja okha akusonyezera.

Za ulemu ndikuzimvetsa. Kupatsa wamkulu chinthu ndi dzanja lamanzere n'kosayenera kwathu kuno, ndipo ine ndimapereka ndi manja awiri monga ndinaleredwera. Zimenezo n'zosavuta, zimatenga kamphindi. Koma kulemba mayeso a MSCE maola awiri ndi dzanja lobwereka si ulemu ayi, n'kumanga mwana mwendo pa mpikisano. M'munda wa tiyi amayi anga ankathyola masamba awiri ndi kansonga ndi manja onse awiri, ndipo kapitawo ankangoyang'ana sikelo.

M'kalasi la ana 60 muli amanzere pafupifupi 6, ena obisala ngati ine. Aphunzitsi, mwana wamanzere mumukhazike kumanzere kwa desiki kuti zigongono zisamagundane ndi mnzake, ndipo mumulole apendeketse kope lake kumanja. Pogula masizasi a labu 10, imodzi ikhale yakumanzere. Ine yanga ndinaigwira koyamba ndili ndi zaka 27, ndipo ndinadula nayo nyuzipepala yonse ya mnzanga asanaiwerenge.