Chitaganya chidatha, koma njanji idatsala pomwepo

Usiku wa pa 31 Disembala 1963, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha. Ku Blantyre ndi ku Lusaka anthu adasangalala, ndipo m'pomveka: ulamuliro wake udali m'manja mwa azungu a ku Salisbury, ndipo eni nthaka adachikana kuyambira pomwe chinkakhazikitsidwa m'chaka cha 1953. Palibe angandiuze kuti kuphwanya chitaganyacho kudali kulakwa. Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo lero ndifuna tione matopewo.

Taonani Zambia. Chuma chake chidali mkuwa. Malasha osungunulira mkuwawo ankachokera ku Wankie, komwe lero timati Hwange. Magetsi ambiri a m'migodi ankachokera ku Kariba, koma makina ake adawamanga kutsidya la kummwera kwa Zambezi. Njanji yopita kudoko la Beira inkawoloka pa mlatho wa Victoria Falls n'kudzera ku Bulawayo. M'nthawi ya chitaganya zonsezi zidali za pakhomo limodzi. Chitatha, malire omwe adali mzere chabe pamapu adasanduka chipata, ndipo kiyi wake adatsala ndi a Rhodesia.

Pamsonkhano wa ku Victoria Falls wa 1963 maiko atatuwa adagwirizana zopitiriza kuyendetsera limodzi ndege, pomwe njanji ndi magetsi zidakhala za Zambia ndi Rhodesia. Pofika 1967 njanji ndi ndege zidali zitagawidwa. Chidasokoneza zinthu ndi Ian Smith, yemwe pa 11 Novembala 1965 adalengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain. Atamuletsa kugula mafuta, woyamba kulira adali Mzambia, popeza mafuta ake ankadzera komweko. Petulo adayamba kubwera pa ndege, wina m'migolo pa malole oyenda mumsewu wa fumbi ndi matope wochokera ku Dar es Salaam, womwe madalaivala adautcha Hell Run.

Zambia idayenera kudzimangira njira zatsopano. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kukafika ku Ndola, idatha mu 1968. Mgodi wa malasha udatsegulidwa ku Maamba. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, idamangidwa ndi ngongole ya China ndipo idafika ku Kapiri Mposhi mu 1975. Timanyadira ntchito zimenezi, inde, koma zambiri mwa izo zidangolowa m'malo mwa zinthu zomwe zidalipo kale kutsidya kwa mtsinje. Smith atatseka malire mu Januwale 1973, Kenneth Kaunda adakana kuwatsegula ngakhale mnzakeyo adasintha maganizo pasanathe mwezi. Katundu wa Zambia adayambanso kudutsa pa mlatho uja mu Okutobala 1978, feteleza atachedwa panjira, dzinja lili pafupi.

Kwa Amalawi, bala lalikulu lidali pa anthu. Zikwizikwi za abale athu ogwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia adagona ali pansi pa boma limodzi ndi kwawo, nadzuka ali alendo. Adzukulu a matchonawa, obadwira komweko, adazimva mu 2001, pomwe lamulo la Zimbabwe lidawauza kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri sadali atapondako n'komwe ku Malawi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndiwo adayamba kuwabwezera ufuluwo.

Ndakumbutsa mbiriyi chifukwa mu Januwale 2025 Mali, Burkina Faso ndi Niger zidatuluka mu ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa. Zifukwa zawo ali nazo. Koma monga Zambia, maiko atatuwa alibe nyanja yamchere, ndipo madoko omwe akhala akuwadalira, Abidjan, Dakar, Tema, Lomé ndi Cotonou, onse ali m'maiko omwe adatsala m'bungwemo.