Mdima wa ku Ulaya Suchizidwa ndi Chidzudzulo

Mwana wa mchemwali wanga ndi namwino ku Manchester, m'dziko la Mangalande. Chaka chake choyamba kumeneko, mwezi wa Novembala utangolowa, mauthenga ake anayamba kuchepa. Pomaliza anaulula kwa amayi ake kuti tsiku lopuma amagona mpaka masana, akadzuka n'kumalira popanda womuputa, ndi kuti wayamba kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo. Ndinalipo pamene banja linkakambirana nkhaniyi pakhonde. Wina anati mwanayo wakhuta. Wina anati waleka kupemphera. Azakhali ake anatsitsa mawu nati alipo amene wamchitira nsanje. Koma onse anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti kukaulula za mumtima kwa mlendo n'kuchititsa banja manyazi. Ine malume ake, amene mawu anga akadamveka, ndinakhala duu. Mpaka lero kukhala chete kwangako kumandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ife obadwira kuno sitidziwa kuti dzuwa limatha kumana anthu. Ku Lilongwe usana sufupika kuposa maola 11 ngakhale mu Juni, ndipo chisanu cha ku Dedza chikakula timangotulutsa mpando n'kuothera dzuwa. Ku Manchester, pa 21 Disembala, dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ndiwo maola asanu ndi awiri ndi theka, ndipo ngakhale amenewo kawirikawiri amaphimbidwa ndi mitambo. Namwino wogwira ntchito ya maola 12 amachoka kunyumba kuli mdima, amatandala pansi pa magetsi, nabwerera kulinso mdima. Kodi amene sanakhalepo sabata yathunthu osaliona dzuwa ali ndi mphamvu yanji yoweruza munthu wotere?

Matendawa ali ndi dzina, ndipo amene anawatchula anali mlendo ngati mwana wathuyu. Dr Norman Rosenthal anabadwira ku Johannesburg, nasamukira ku America mu 1976. Nyengo yachisanu ya ku New York itafika, iye anaona mphamvu zake zikuphwa, koma masiku atayambanso kutalika zinabwerera. Mu 1984 iye ndi anzake a ku National Institute of Mental Health anasindikiza kafukufuku wofotokoza matendawa, amene mwachidule amatchedwa SAD, kutanthauza kukhumudwa kobwera ndi nyengo. Zizindikiro zake ndi zomwe zija tinkazitcha ulesi pakhonde paja: tulo tosatha, thupi lolemera, chilakolako cha buledi ndi zotsekemera, kunenepa, kuthawa anzako, ndi kusaona kukoma kwa zinthu zimene unkazikonda. Akazi ndiwo amagwidwa kwambiri kuposa amuna.

Akatswiri amafotokoza kuti kuwala kolowa m'maso m'mawa ndiko kumakonza nthawi ya thupi. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsa melatonin, amene amaitana tulo, kukacha amaleka. Tsono usiku ukatalika kwambiri, mwa anthu ena nthawi ya thupi imatsalira m'mbuyo, ndipo thupi limakhala likadali usiku pamene ntchito yayamba kale. Apa palibe mfiti, palibenso mwano.

Ndisabise kuti akatswiriwo samvana pa zonse. Mu 2016 ofufuza ena a ku America anasanthula mayankho a anthu oposa 30,000 ndipo sanapeze kuti kukhumudwa kumachuluka nthawi yachisanu. Madokotala ambiri lero amawaona matendawa ngati mtundu wa matenda okhumudwa amene amangotsata nyengo. Amene akufuna kunditsutsa atenge mfundo imeneyi, ndawapatsa ndekha. Komatu siwathandiza, pakuti mkangano wa akatswiriwo uli pa dzina ndi pa gwero la matenda. Palibe mmodzi mwa iwo amene amati munthu wolira m'chipinda miyezi inayi angodzudzulidwa.

Nanga mlangiziyo amachita chiyani chimene chatiopsa chotere? Njira yodziwika kwambiri imatchedwa CBT. Si kugona pampando n'kumanyoza makolo ako, monga ena amaganizira. Wodwala amaphunzitsidwa kugwira maganizo amene amamubwerera mdima ukayamba, monga akuti palibe chabwino chingachitike mpaka Epulo, ndi kuwayesa ngati ali oona. Amalemba ndondomeko ya sabata: tsiku lakuti ndidzayenda panja masana ngakhale kukhale mitambo, tsiku lakuti ndidzaphika ndi mnzanga, tsiku lakuti ndidzapita kokaimba. Ndipo amapita ngakhale mtima ukukana, chifukwa pa matendawa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita. Makolo athu anati pakadafunda padajiwitsa, ndipo bulangete la mu Disembala ndi malo ofunda amene amadya munthu pang'onopang'ono.

Pali umboni wakuti njirayi imathandiza. Prof Kelly Rohan wa ku University of Vermont anagawa odwala 177 m'magulu awiri. Ena analandira CBT kwa masabata asanu ndi limodzi, ena anachizidwa ndi nyali yowala kwambiri imene wodwala amakhala patsogolo pake m'mawa uliwonse. Nyengo yoyambayo magulu onse anapeza bwino mofanana. Koma pofika chisanu chachiwiri chotsatira, matenda anabwerera mwa anthu 46 pa 100 alionse a nyali, pamene mwa a CBT anali 27 okha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 ndi 2016. Tanthauzo lake n'losavuta: nyali imathandiza pamene ukuiyatsa, koma chimene waphunzira umapita nacho. Sindikunyoza nyaliyo. Ya mphamvu ya 10,000 lux, kwa mphindi pafupifupi 30 m'mawa, yathandiza ambiri, kungoti amene ali ndi vuto la maso kapena matenda ena a maganizo ayambe wafunsa dokotala. Ena amafunikanso mankhwala akumwa, ndipo nawonso alibe chifukwa chobisalira.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ife, mwa mitundu yonse, ndife amene tikukana kuchiza ndi mawu. Ukwati ukagwedezeka timathamangira kwa ankhoswe. Namwali timampereka kwa anamkungwi. Wofedwa sitimusiya yekha, timagona naye pasiwa. Mwana wathu ali kutali, kopanda khonde, kopanda mbumba, wapeza munthu wophunzitsidwa kumvetsera ndi kusunga chinsinsi, ife n'kumati wataya mwambo! Mwambo wake uti? Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za pemphero ndiyankhula mosamala, koma sindibwerera m'mbuyo. Mwana akagwidwa malungo timampempherera tili pa njinga kupita naye kuchipatala, ndipo palibe amene amati tachepa chikhulupiriro. Bwanji matenda akakhala a maganizo timafuna kuti wodwala asankhe chimodzi? Kuuza munthu wokhumudwa kuti akudwala chifukwa sapemphera mokwanira n'kumsenzetsa mlandu pamwamba pa matenda. Ndiye amaleka kukuuzani, ndipo pena amalekanso kupemphera kumene.

Palinso nkhani imene sitifuna kuitchula, ya ndalama. Mwezi ukatha lamya ikalira kuti ndalama za fetereza ndi za sukulu zafika, sitifunsa kuti wotumizayo wagona bwanji. Tamuika mwanayo pa udindo wa nkhokwe, ndipo nkhokwe siloledwa kudwala. Ndikukayika ngati mkwiyo wa pakhonde paja unali wa mwambo wokha. Mwina tinkaopa kuti akafooka adzabwerera kumudzi.

Kwa inu amene muli ku Mangalande, kapena muli ndi wanu kumeneko, dziwani izi. Bungwe la zaumoyo la boma, NHS, lili ndi ntchito ya uphungu imene inayamba mu 2008 ndipo kuyambira 2023 imatchedwa NHS Talking Therapies. Munthu wamkulu angathe kudzilembetsa yekha pa intaneti popanda kalata ya dokotala, ndipo salipira. Pamakhala kudikira, nthawi zina masabata angapo, motero amene anavutika chaka chatha asayembekeze Januwale. Alembetse mu Seputembala kapena Okutobala, masiku asanafupike. Ndipo ngati maganizo afika pofuna kudzichotsera moyo, pamenepo palibe kudikira: a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123, ndipo pangozi nambala ndi 999.

Mwana wa mchemwali wanga sanatimvere, ndipo anachita bwino. Anamaliza maphunziro ake ndi mlangizi, anagula nyali ija, ndipo nthawi yopuma masana amatuluka n'kuzungulira chipatala atavala majekete awiri. Chisanu chimamulemerabe, koma ntchito sanasiye. Amayi ake tsopano amamuimbira Lamulungu lililonse kuyambira Okutobala, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Kodi lero watulukako panja, mwanawe?" Azakhali aja sanasinthe maganizo, ndipo ine ndikawatumizira magaziniyi.