Gule Wopanda Chiyankhulo ndi Chigoba

Pa misonkhano ya boma pali mwambo umene tonse tauzolowera. Alendo olemekezeka akakhala pansi, ovina amaitanidwa, ng'oma zimalira, fumbi limakwera. Kenaka mlendo wamkulu amayankhula m'Chingerezi n'kukwera galimoto. Ena amati kumeneko ndiko kulemekeza chikhalidwe. Ine ndikuti kumeneko n'kubwereka anthu kuti akometse bwalo.

Ndime 26 ya malamulo oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, imapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wafuna ndi kutsata chikhalidwe chake. Ufulu umenewu unabwera kudzapoletsa bala. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unakweza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Chinabwerera pa MBC mu 1994. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulolo linathera pa pepala chifukwa mabuku ndi aphunzitsi sanakonzedwe mokwanira. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo kuyambira Sitandade 1.

Chodabwitsa n'chakuti magule a anthu omwewa timawanyadira. Tinaomba m'manja pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndiponso Tchopa wa Alhomwe mu 2014. Koma nyimbo za Vimbuza zimaimbidwa m'Chitumbuka. Nanga mwana wa ku Rumphi akauzidwa kuti chiyankhulo cha agogo ake chithere pakhomo la kalasi, adzaimba ndani mawa? Ana ambiri a Alhomwe satha kuyankhula Chilhomwe. Gule akasiyana ndi chiyankhulo chake amatsala chigoba.

Otsutsa amati ziyankhulo zambiri zimagawa mtundu. Ayi ndithu! Chimene chinabzala chidani ndi chiletso cha 1968. Enanso amati Chingerezi ndicho khomo la ntchito. Zoona, ndipo ana achiphunzire ngati phunziro, koma mwana amamva msanga masamu akamafotokozedwa m'mawu amene anayamwira.

Poyambira palipo. Likulu lofufuza za ziyankhulo ku Zomba, limene linatsegulidwa mu 1996, linakonza kale malamulo a kalembedwe ka Chitumbuka ndi Chiyao. Boma lisindikize mabuku, liphunzitse aphunzitsi, ndipo pokonza ndondomeko za chikhalidwe liitane eni ake kudzapereka maganizo. Mutu umodzi susenza denga. Amene timawaitana kudzavina akhalenso pampando pogamula nkhani zawo.