Kupempha makiyi a chipinda cha ndalama

Lamulungu lapitali titangoweruka ku tchalitchi, mayi wina wa Chigwirizano adandiimitsa pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili ndwii. Mwana wawo wamkazi wakhala akugwira ntchito kwa zaka zitatu mu sitolo ina yaikulu pa Mitundu, kuyala katundu m'mashelefu, ndipo masiku amene anthu achuluka amamukhazikanso pa tilu. Tsopano mtsikanayu waganiza zolemba kalata yopempha abwana ake kuti amuphunzitse ntchito ya mu kashi ofesi, kachipinda ka kuseri kaja komwe ndalama zonse za sitolo zimakawerengedwa madzulo.

"Bambo, mundiletsere mwanayu," adatero mayiwo. "Ndalama za eni zilibe chibale. Bola azingoyala sopo ndi shuga, usiku azigona tulo."

Okondedwa awerengi, mantha a mayi amenewa sindikuwapeputsa ayi. Ambiri a ife tikudziwa mnyamata kapena mtsikana amene adatuluka pakhomo m'mawa atatchena yunifolomu, madzulo n'kumveka kuti wagona m'chitokosi cha apolisi chifukwa cha shoti. Komanso chichitikireni nkhani ya Cashgate m'chaka cha 2013, pamene ndalama zankhaninkhani za boma zidasololedwa ku Capital Hill, Amalawi tidatsala ndi maganizo oti aliyense wogwira thumba la ndalama ndi wakuba amene sadagwidwe chabe. Komabe ine ndidawayankha mayiwo kuti mwanayo amuleke alembe kalatayo, ndipo lero ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Tiyambe taona chimene chimachitika kuseri kwa chitseko chija, pakuti ambiri timangothera pa tilu, kulandira chenji ndi lisiti n'kumapita. M'mawa sitolo isadatsegulidwe, kashiya aliyense amapatsidwa ndalama zoyambira zoti azibwezera chenji, zimene amazitcha fuloti. Amaziwerenga pamaso pa womupatsayo, onse awiri n'kusaina. Dzuwa likakwera ndalama zikachuluka mu tilu, wa mu kashi ofesi amabwera kudzapungula, kuwerenganso ndi kusainirana, kuopa kuti mbala ikalowa ingakokolole zonse. Madzulo makina amatulutsa chipepala chonena ndalama zonse zimene zagulitsidwa tsikulo. Apo ndiye pagona ntchito. Tiyerekeze kuti fuloti inali K50,000 ndipo makina akuti katundu wagulidwa wa K900,000. Ndalama zonse pamodzi ziyenera kukwana K950,000, kuphatikiza za m'manja, zimene zidapungulidwa masana, za pa Airtel Money, za pa TNM Mpamba ndi za pa khadi la ku banki. Zikaperewera ndi shoti. Zikapyola, musaganize kuti ndi madalitso, chifukwa ndiye kuti wogula wina wapita kwawo atabedwa chenji, kapena katundu wina watuluka osadutsa m'makina. Zonse ziwiri zimafuna kulembedwa ndi kufotokozedwa. Kenaka ndalama zimamangidwa m'mitolo, chikalata chokasungitsira ku banki chimalembedwa, ndipo mawa lake chidindo cha ku banki chiyenera kugwirizana ndi zimene zili m'buku.

Ntchito imeneyi masiku ano yalemera kuposa kale. Pamene Reserve Bank of Malawi idatulutsa ndalama yapepala ya K5,000 m'chaka cha 2022, tidaiona ngati ndalama yaikulu zedi. Mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pofika 2025 thumba limodzi la feteleza lidali litapyola K100,000. Ndiye kuti mlimi wogula thumba limodzi amatulutsa mapepala a K5,000 oposa 20, wogula matumba khumi mapepala oposa 200, ena onyowa ndi thukuta, ena omatamata. Taganizani tsono tsiku la msika pa Mitundu m'nyengo yokolola, alimi atagulitsa soya, mtedza ndi fodya, ophunzira a ku Bunda nawonso ali pa mzere womwewo; kapena pa Nathenje, pamene msewu wa M1 umatula anthu apaulendo osadziwika komwe achokera. M'chipwirikiti chotere ndi momwe mumalowera ndalama zachinyengo, ndi momwenso munthu amakuonetsa uthenga wabodza pa foni kuti watumiza ndalama chonsecho sadatumize. Mtima wabwino pawokha sungakuuze kuti pepala ili ndi lenileni kapena ayi. Pamafunika wina akuphunzitse kuliunika pa kuwala, kulikhudza ndi chala, ndi kutsimikiza pa foni ya sitolo osati ya wogula.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi abale ena amene amati Mkhristu akakhala wokhulupirika, basi zakwana, zamasainisaini ndi za anthu osakhulupirirana. Baibulo silitero. Pa 2 Mafumu 12:9-15 timamva za wansembe Yehoyada, m'masiku a mfumu Yoasi, amene adaboola chivundikiro cha bokosi n'kuliika pafupi ndi guwa la nsembe kuti ndalama zokonzera kachisi ziziponyedwamo. Bokosi likadzaza, sankatsegula munthu mmodzi. Ankabwera awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, n'kuwerenga ndi kumanga ndalamazo m'matumba. N'zoona kuti ndime yomweyo ikutiuza kuti akapitawo olipira amisiri sankafunsidwa chiwerengero chifukwa adali okhulupirika, koma taonani kuti chikhulupiriro chimenecho chidamera m'nyumba momwe ndalama zinkayamba zawerengedwa ndi anthu awiri.

Ezara ndiye adachita kunyanya. Pa Ezara 8:24-34, asadanyamuke pa mtsinje wa Ahava, adayesa pa sikelo siliva ndi golide yense n'kumupereka m'manja mwa ansembe osankhika. Atafika ku Yerusalemu adayesanso, ndipo kulemera kwake kudalembedwa. Amenewa adali ansembe, anthu opatulika, koma sadakwiye kuti bwanji mukutiyesa ngati akuba. Mtumwi Paulo naye, pa 2 Akorinto 8:18-21, potumiza Tito pa nkhani ya chopereka chothandizira oyera mtima, adamutsaganitsa ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo, pofuna kuti pasapezeke womunena, ndi kuti zinthu zikhale zoyera pamaso pa Ambuye ndi pa anthu omwe. Kusainirana fuloti m'mawa ndi mdzukulu wa sikelo ya Ezara. Siginecha imateteza mwini sitolo, koma imateteza koposa munthu wosalakwa tsiku limene ndalama zasowa.

Nanga kodi kupempha ntchito yoteroyo si dyera? Ena ku sitoloko ayamba kale kumunong'ona mtsikanayu kuti akufuna kuyandikira mphika. Ine ndikuti akulu adanena kale kuti safunsa adadya phula. Mwa amene ndawaonapo akugwa m'mavuto a shoti, ambiri sadali opempha maphunziro. Adali aja amene tsiku lina wa mu kashi ofesi atadwala kapena atapita ku maliro, abwana adangowaloza chala kuti iwe, takhala apa lero. Mwaulemu wathu wachimalawi munthu amangoti chabwino bwana, n'kulandira makiyi ndi ndalama zimene sadawerenge, n'kusaina pepala limene sadalimvetse. Pakutha pa mwezi amapeza malipiro atadulidwa, ndipo alibe poyambira kudandaula. Wopempha kuphunzitsidwa nthawi ikadalipo wachenjera kuposa ameneyu.

Kapemphedwe kake nakonso n'kofunika. Ndidamulangiza mtsikanayu kuti asapemphe mpando, apemphe maphunziro. Alembe mwaulemu zaka zimene wagwira, masiku amene wakhalapo pa tilu popanda shoti, ndipo apemphe kuti kwa milungu ingapo azikhala pambali pa wodziwa ntchitoyo madzulo aliwonse, kuyamba n'kuonerera, kenaka kuwerenga woyang'anira ali pomwepo. Afunse ngati pali malamulo olembedwa a kasungidwe ka ndalama ndipo awawerenge. Afunsiretu kuti shoti ikapezeka amafufuza bwanji. Asalole kugwiritsa ntchito nambala yachinsinsi ya mnzake pa makina, ndipo yake asauze munthu, ngakhale supavaiza amene amaimba naye kwaya imodzi. Kope ya kalatayo asunge kunyumba.

Kwa inu eni masitolo ndi mamanejala, amene ambiri mwa inu timakhala nanu pa benchi imodzi Lamulungu, ndili ndi mawu ochepa. Kumupatsa mwana wa mnzanu makiyi osamuphunzitsa, kenaka n'kumuitanira apolisi, ndi kutchera msampha wakhungu. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti luso la ntchito likule m'dziko muno, ndipo olemba ntchito amapereka msonkho wa maphunziro a antchito. N'zomvetsa chisoni kuti bwana apereke msonkho umenewu koma alephere kupatula ola limodzi kuphunzitsa wantchito wake yemwe. Mukumbukirenso kuti lamulo la ntchito la 2000, pa gawo 57, silikulolani kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito musadamupatse mpata woyankhapo, ndipo bwalo la Industrial Relations Court lilipo chifukwa cha milandu yotere.

Koma mawu olemera kwambiri ndidawasungira mayi aja, ndi ife tonse a m'makomo. Chimene chimagwetsa ana athu mu kashi ofesi kawirikawiri sichilowera pa khomo la sitolo. Chimalowera pa foni, kuchokera kwathu komwe. Mwana akangomveka kuti tsopano amasunga ndalama, mudzi wonse umayesa kuti ndalamazo ndi zake. Kwagwa maliro, amalume amuimbira. Mng'ono wake wabwezedwa fizi, amayi amuimbira. Tsiku logawana ku banki m'khonde layandikira ngongole isadabwezedwe, azakhali amuimbira. Ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: tangotengako pang'ono pamenepo, udzabweza ukalandira. Mwanayo, poopa kutchedwa wouma mtima, amatengadi K20,000 Lachiwiri ndi mtima wonse wobweza Lachisanu. Lachisanu likafika amatseka dzenjelo ndi ndalama za Lachinayi, dzenje n'kumakula, mpaka akatapila kapena kubetcha mpira pa foni kuti mwina apeze zokwirira. Tsiku limene owerengera mabuku atulukira mwadzidzidzi, achibale onse aja amakhala ali phee m'nyumba zawo. Yohane 12:6 akutiuza kuti Yudasi ankasunga thumba la ophunzira namatapamo. Timakonda kumuloza chala Yudasi, koma sitidzifunsa kuti ndi kangati ife eni tatuma ana athu kukatapa m'thumba la eni.

Choncho ndidawauza mayiwo kuti ngati akufuna mwana wawo azigona tulo, ntchito yaikulu ili ndi iwo. Aitane abale, awauze poyera kuti ndalama za ku sitolo si za pakhomo pano, ndipo wofuna thandizo adikire malipiro a mwanayo ngati mmene ankachitira kale. Chishango chimenechi palibe manejala amene angamupatse.

Ndionjezere kuti kachipinda kaja kali ndi khomo lina lotulukira kutsogolo. Mtsikana amene ali ndi MSCE ndipo wazolowera kuyanjanitsa ndalama ndi mabuku wayamba kale kulawa ntchito yowerengera chuma. Akhoza kulembetsa mayeso oyambira a bungwe la ICAM, ndipo sukulu ya Malawi College of Accountancy ili ndi nthambi mu mzinda wa Lilongwe, ulendo wa minibasi kuchokera ku Mitundu kapena ku Nathenje. Nayo mipingo yathu ingathandizepo. Mmalo moti chopereka chiziwerengedwa ndi madoda awiri omwewo chaka ndi chaka, bwanji osaitana achinyamata azikhala nawo, aphunzire kuwerenga awiriawiri, kulemba ndi kusaina? Kunena zoona, m'mipingo ina ndi asungichuma athu amene akufunika maphunzirowa kuposa ana.

Mayiwo sadakhutire kwenikweni. Adangoti amva, n'kumanga chitenje, ulendo wa kunyumba. Lachitatu mtsikanayo adabwera ndi kalata yake kuti ndimuonere. Idali yaifupi, ya ndime zitatu, ndipo ndidangokonza mawu awiri. M'chikwama mwake mudali buku latsopano lachikuto cholimba, loti azilembamo yekha ndalama zilizonse zimene walandira ndi kupereka, tsiku ndi dzina la amene wasainirana naye. Nditamufunsa komwe walitenga, adati amugulira ndi amayi ake pa msika.