Musawalande ana buku la Frankenstein

Ndikhululukireni, lero ndikhumudwitsako ena. Pachikondwerero chathu cha 6 July, mayi wina yemwe ndimamupatsa ulemu anatiuza monyadira kuti anamulanda mwana wake buku la Frankenstein, lomwe akulembera mayeso a GCSE. Akuti ndi la satana, la anthu odzutsa mitembo. Azimayi anawomba m'manja. Ine ndinangoti zii, ndipo kukhala chete kwangako kukundidyabe mumtima.

Pobwerera ndinawafunsa ngati anawerengako ngakhale tsamba limodzi. Ayi ndithu. Chomwe amadziwa ndi nkhope ya Boris Karloff ya mufilimu ya 1931, ija ya zitsulo m'khosi. Ambiri mpaka lero timaganiza kuti Frankenstein ndi dzina la chilombocho, chonsecho ndi la Victor, mnyamata wophunzira amene anachipanga. Chinthucho sanachipatse n'komwe dzina.

Tamvani za mzimayi amene analemba bukuli, kenaka mundiuze ngati mukumuona satana.

Mary Shelley anabadwa ku London pa 30 August 1797. Mayi ake, Mary Wollstonecraft, amene analemba zomenyera ufulu wa akazi, anamwalira patangotha masiku 11. Nsengwa inatsalira, dokotala anaichotsa ndi manja pang'onopang'ono, matenda n'kulowa. Anzanga anamwino mukudziwa kuti lero mayi woteroyo timamupulumutsa. Nthawi imeneyo zosamba m'manja zinali zisanafike. Semmelweis anadzayamba kuzilimbikira ku Vienna m'chaka cha 1847.

Ali ndi zaka 16 anathawa ndi Percy Shelley, mlakatuli yemwe anali kale ndi mkazi. Izi sindikuziyamikira, ndipo mwana wanga atachita zomwezo ndingalire. Koma onani zotsatira zake. Mu February 1815 anabereka mwana wamkazi wosakwana masiku, yemwe sanathe ngakhale milungu iwiri. Mary analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti analota mwanayo atatsitsimuka atamuotchetsa moto ndi kumusisita. Ndagwirapo ntchito usiku m'chipinda cha ana osakwana masiku, ndipo maloto amenewo ndawamva kwa amayi oposa mmodzi. Palibe amene ndinamutcha mfiti.

Chaka chotsatira, 1816, ali m'mbali mwa nyanja ya Geneva, mvula itawatsekera m'nyumba, Lord Byron anati aliyense alembe nthano yoopsa. Mary, wa zaka 18, ndiye anayamba nkhani ya munthu wopatsa moyo chinthu chakufa. Bukuli linatuluka mu January 1818 popanda dzina lake. Chaka chomwecho mwana wake Clara anamwalira ku Venice, ndipo mu 1819 William anatsatira ku Rome. Mu 1822 mwamuna wake anamira panyanja ku Italy. Mwa ana anayi anatsala ndi mmodzi, ndipo anamulera ndi ndalama zolemba mabuku, kuphatikizapo The Last Man la 1826, lonena za mliri womaliza anthu padziko. Anamwalira mu 1851.

Sindikubisa, m'bukumo muli imfa. Chinthu chija chikupha mwana wamng'ono, ndipo mlembi sakuchikhululukira. Koma werengani muone pomwe zinayambira. Chitangotsegula maso, Victor anachiona kunyansa n'kuthawa, kuchisiya chokha ngati khanda lotayidwa. Chinaphunzira kulankhula chokha, pomvetsera banja lina losauka kudzera pakabowo ka khoma, usiku chikumawatolera nkhuni mobisa. Munthu amene anakhala nacho pansi n'kucheza nacho mwaulemu anali mdala wosaona. Ena onse anayamba aona khungu ndi nkhope, n'kutola ndodo. Kodi mwana wakuda amene akukulira ku Leeds kapena ku Luton simukuona kuti nkhani imeneyi akhoza kuimva kuposa mphunzitsi wake?

Tsono ndinene chomwe chinandilepheretsa kuyankha tsiku lija. Nditabwera kuno kudzagwira ntchito, ndinasiya mwana wanga wamkazi kwa agogo ake ali wamng'ono. Ndalama ndinkatumiza, nsapato ndinkatumiza, foni Lamlungu lililonse. Atabwera anali mtsikana wamkulu wondipatsa moni ngati mlendo. Iyeyu ndi amene anandibweretsera Frankenstein kuchokera kusukulu, n'kundifunsa kuti, "Amayi, wolakwa ndani apa, wopangidwayo kapena womupangayo?" Ndinadziwa kuti sakufunsa za mayeso. Tinakhala kukhitchini mpaka nthawi yanga yopita ku naiti inakwana, ndipo aka kanali koyamba kundiuza mmene ankamvera ndikadula foni.

Si ine ndekha ndinasiya mwana kumudzi, tonse tikudziwana. Mwina n'chifukwa chake kutchula satana kumatipepukira kusiyana ndi kutsegula bukulo. Mayi anga a ku chikondwerero aja, mwanayo mayeso alemba ndithu, kaya mwalanda kaya simunalande, ndipo akapezako zokopera pa intaneti. Mubwezereni bukulo. Ngati nthawi ikukuvutani, yambirani pomwe chinthucho chikumufotokozera Victor mbiri yake paphiri la madzi oundana. Langa lilipo, ndibwera nalo kumsonkhano wa mwezi wamawa.