Rufunsa: bizinesi yokhalitsa ndi imene sidya mpamba wake

Kuyambira m'chaka cha 2022, ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu a nyumba ya malamulo, zodziwika ndi dzina loti CDF, zakwera kwambiri m'dziko la Zambia. M'chaka cha 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazi zinafika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi limapita kwa achinyamata, amayi ndi magulu a anthu monga thandizo kapena nkhongole zoyambira malonda.

M'boma la Rufunsa, monganso m'maboma ena akumidzi, anthu akhala akunena kwa zaka zambiri kuti chimene chimawalepheretsa kuchita malonda ndi kusowa kwa mpamba. Tsopano mpamba ukufika kwa ena mwa iwo. Komabe akuluakulu a boma ndi a makhonsolo m'madera osiyanasiyana akhala akudandaula kuti ambiri mwa olandira nkhongolezi sabweza. Funso lofunika ndi lakuti: n'chiyani chimapangitsa kuti kantemba kamodzi kakhale zaka khumi, pamene koyandikana nako kamatsekedwa mvula yachiwiri isanagwe?

Rufunsa linakhala boma loima palokha m'chaka cha 2012, pamene malemu Pulezidenti Michael Sata analipatula ku boma la Chongwe. Lili m'chigawo cha Lusaka, ndipo likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 80,000, ambiri mwa iwo alimi ang'onoang'ono a m'madera a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Chuma cha bomali chagona pa zinthu ziwiri: nkhalango za miombo ndi msewu waukulu wa Great East, umene magalimoto opita ku Chipata ndi ku Malawi amadutsamo usana ndi usiku. Aliyense amene wayendapo mumsewuwu, kudutsa pa akasupe otentha a Chinyunyu mpaka ku mlatho wa Luangwa, waona matumba a malasha, madengu, bowa ndi zipatso za m'tchire zitayalidwa m'mbali mwake. Choncho msika ulipo. Vuto lagona pa kasamalidwe ka chimene chimabala malondawo.

Choyamba ndi mpamba wa m'thumba. Tiyerekeze kuti mayi wina wagula katundu wa K2,000 ku msika wa Soweto mu Lusaka, n'kumugulitsa yense pa K2,500. Mayiyo angaone ngati wapindula K500. Koma akachotsa K150 ya mayendedwe, phindu lenileni ndi K350. Ngati pa ulendo uliwonse amatapa K600 ya ndiwo, sopo ndi zofunika za ana kusukulu, ulendo wachiwiri apita ndi K1,750 yokha, wachitatu ndi yochepera apo, ndipo pofika kumapeto kwa ulendo wachisanu mpamba wonse udzakhala utatha. Palibe amene wamubera, ndipo makasitomala sanathawe. Bizinesiyo yadyedwa ndi mwini wake pang'onopang'ono iye osazindikira.

Mankhwala a vutoli ndi otchipa. Pakufunika kabuku ndi cholembera, kuti tsiku lililonse palembedwe zimene zalowa, zimene zatuluka ndi mayina a otenga katundu pa nkhongole. Mwini bizinesi ayenera kudziikira malipiro osapitirira phindu, ndipo ndalama za katundu zizikhala pazokha. Masiku ano izi n'zosavuta kusiyana ndi kale, popeza munthu angathe kusunga mpamba pa foni kudzera mu Airtel Money kapena MTN MoMo ngakhale akhale kutali ndi banki. Pa chikhalidwe chathu n'kovuta kukaniza mbale amene wabwera ndi vuto, ndipo palibe amene akunena kuti wamalonda aleke kuthandiza abale. Koma thandizolo lizichokera pa malipiro ake, chifukwa kantemba kakagwa, ngakhale mbaleyo sadzakhalanso ndi kopempha.

Chachiwiri ndi mpamba wa m'nkhalango. Malasha, amene ena amati makala, ndiwo malonda osavuta kuyamba m'Rufunsa, chifukwa safuna ndalama zambiri ndipo ogula ku Lusaka sasowa. M'chaka cha 2024, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ochuluka a m'tauni anadalira mbaula. Wootcha malasha anapeza ndalama yamsanga. Koma mtengo wa miombo umene umadulidwa m'mawa umodzi umatenga zaka zambiri kuti ukulenso. Chaka chilichonse wootchayo amalowa mkati mwa tchire, mtunda wokafika kumsewu umatalika, ndipo ndalama ya ngolo kapena njinga imadya phindu lake. Pamapeto pake phindu lalikulu limatsalira kwa mwini galimoto ndi wogulitsa wa m'tauni. Ameneyu ndi chimodzimodzi mayi uja wotapa mpamba, kungoti iye akutapa mpamba wa mudzi wonse.

Nkhalango yomweyo ingathe kubala ndalama chaka ndi chaka popanda kugwetsedwa. Maluwa a miombo amatulutsa uchi wabwino, ndipo alimi a njuchi a chigawo cha North-Western akhala akugulitsa uchi wawo mpaka ku maiko a ku Ulaya. M'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO limagula uchi, mtedza ndi mpunga kwa alimi amene alonjeza kusamala chilengedwe, n'kumazigulitsa m'masitolo a m'tauni pa dzina la It's Wild. M'Rufunsa momwemo, kampani ya BioCarbon Partners yakhala ikuyendetsa ntchito yoteteza nkhalango kufupi ndi paki ya Lower Zambezi, imene imapeza ndalama kwa makampani akunja olipirira mitengo yosadulidwa, ndipo gawo lina limapita ku zitukuko za m'midzi. Lamulo la za nkhalango la 2015 limalolanso anthu a m'mudzi kupanga gulu lovomerezeka loyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo. Zoona zake n'zakuti mng'oma wa njuchi subweza ndalama msanga ngati uvuni wa malasha. N'chifukwa chake thandizo la CDF lingagwire ntchito yaikulu pano, pomuthandiza munthu kupirira miyezi yodikira uchi woyamba.

Chachitatu ndi kusadalira chinthu chimodzi. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Chaka chimenecho dziko linakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene mu 2025 linakolola matani oposa 3.6 miliyoni. Wamalonda wa kumudzi amamva zonse ziwiri. Pa chilala makasitomala ake, omwe ndi alimi, sakhala ndi ndalama ndipo amachulutsa nkhongole. Pa chaka cha dzinthu zambiri mtengo wa chimanga umatsika nthawi yokolola. Amene ali ndi mbuzi, nkhuku zakumudzi, dimba la ndiwo kapena ming'oma ingapo amakhala ndi pothawira. N'chimodzimodzinso ndi golide amene anthu amakumba m'madera ena a bomali. Okumba amabweretsa ndalama pa msika, koma golide akatha pamalopo iwo amasamuka. Wogulitsa wanzeru amasunga phindu la miyezi yabwinoyo podziwa kuti sidzakhalitsa.

Chachinayi ndi mbiri yabwino, imenenso ndi mpamba. Woyenda pa msewu wa Great East akagula uchi wosakaniza ndi shuga, kapena thumba lokhala ndi malasha aakulu pamwamba ndi fumbi pansi, sadzaimanso pamalopo, ndipo adzauza anzake. Muyeso wachilungamo ndi katundu waukhondo ndizo zimabweza kasitomala. Nkhongole ya CDF nayo ili m'gulu lomweli. Ena amaiona ngati mphatso ya boma, koma ndalamazi zinakonzedwa kuti zizizungulira. Wosabweza amatsekereza mnansi wake amene anali kuyembekezera chaka chotsatira, ndipo iye mwini akadzafuna kukulitsa malonda adzapezeka m'manja mwa a kaloba, omwe chiwongoladzanja chawo chimameza phindu lonse.

Pali zina zimene munthu mmodzi sangazithe. Sitolo yaikulu ya ku Lusaka imafuna katundu wokwanira, wofika pa nthawi yake, wochokera kwa wogulitsa wolembetsedwa. Apa ndi pamene chilimba, magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama ndiponso makopaletivu amathandiza, chifukwa alimi khumi angathe kulipira galimoto imodzi ndi kukambirana mtengo ndi mawu amodzi. Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kumatsegula njira ya ku banki ndi ya ntchito za khonsolo. Koma gulu longopangidwa sabata yomwe mafomu a CDF atuluka, lopanda malonda amene linkachita kale, kawirikawiri limabalalika ndalama zikangogawidwa.

Boma ndi khonsolo nawonso ali ndi mbali yawo. Misewu ya m'midzi ikakhala yoipa, tomato amaolera m'munda ngakhale mwini wake alembe bwino m'kabuku. Makomiti a chitukuko a m'mawadi, amene amalandira zopempha za CDF, angachite bwino kufunsa wopempha aliyense kuti aonetse kabuku kake ka malonda a miyezi ingapo yapitayo, ndiponso kuti anene kumene adzatenge katundu wake zaka zisanu zikubwerazo. Alangizi ayenera kuyendera olandira ndalama pambuyo pa mwambo wopereka macheke. Kupambana kwa ndondomekoyi m'Rufunsa kudzaoneka pa chiwerengero cha mabizinesi amene adzakhale akugulitsabe patapita zaka zitatu, atabweza nkhongole zawo, nkhalango ya kuseri kwa mudzi ikadali chiimire.