Imvi Zonyamula Mfuti

Mwana wina wa zaka 11 m'madrasa yathu, titamufunsa ntchito imene akufuna kudzagwira akadzakula, adayankha mosadodoma kuti adzakhala ngati Barney Ross. Anzake onse adamudziwa munthuyo. Ife aphunzitsi ndi amene tidachita kufunsa. Barney Ross ndi mtsogoleri wa asilikali aganyu m'mafilimu a The Expendables, amene anawa amaonera m'nyumba za kanema zapamsika. Tidapita kukadzionera tokha, ndipo tidabwerako ndi mlandu.

Filimu yoyamba idatuluka mu 2010. Sylvester Stallone, wobadwa mu 1946, adasonkhanitsa akatswiri anzake a nkhonya monga Jason Statham, Jet Li ndi Dolph Lundgren, ndipo Bruce Willis ndi Arnold Schwarzenegger adangoonekeramo pang'ono. Yachiwiri, ya 2012, idawonjezera Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme. Yachitatu idabwera mu 2014, yachinayi mu 2023. Malonda ake ndi osabisika: bambo amene adakulira Rambo alipire kuti aonenso ngwazi zake zitamera imvi, mwana naye atengere pomwepo.

Dzina la mafilimuwa limatanthauza anthu amene imfa yawo ilibe wodandaula. Koma taonetsetsani amene akufa. M'filimu yoyamba, pa chilumba chongopeka cha Vilena, palibe ndi mmodzi yemwe wa gulu la Barney amene ataya moyo. Ogwa ngati ngumbi ndi asilikali a m'dzikomo, opanda dzina, opanda mayi wowalira, opanda manda. M'filimu yachiwiri, wa m'gululo amene aphedwa ndi mnyamata wamng'ono pa onse, nkhalamba n'kubwerera kwawo zikuseka. Phunziro limene mwana atolapo ndi lakuti magazi a anthu a m'maiko osauka ndi otsika mtengo.

Msilikali waganyu wokalamba si nthano kwa ife a mu Africa. Funsani abale athu a ku Comoros za Bob Denard wa ku France. Mu 1975 adathandiza kuchotsa pampando Pulezidenti Ahmed Abdallah. Mu 1978 adabweranso ndi gulu lake n'kumubwezera pampandopo, ndipo Ali Soilih, amene adachotsedwa, adaphedwa. Mu 1989 Abdallah yemweyo adawomberedwa, asilikali omulondera ali m'manja mwa Denard. Mu 1995, ali ndi zaka 66, Denard adatsikanso pa zilumbazo kudzagwetsa boma lina. Dziko lathunthu lidasanduka munda wa munthu mmodzi kwa zaka 20. Sikudali kulota kwa atsogoleri a OAU pamene mu 1977, ku Libreville, adapangana zothetsa usilikali waganyu.

Nako ku Iraq, pa 16 September 2007, alonda a kampani ya Blackwater adawombera anthu wamba pa bwalo la Nisour mumzinda wa Baghdad, ndipo anthu 17 adafa, ena mwa iwo ana. Anayi mwa alondawo adapezeka olakwa m'khoti ku America, koma mu December 2020 Pulezidenti Donald Trump adawakhululukira. Filimu ya Stallone idatuluka patangopita zaka zitatu chichitikireni zimenezi.

Ena adzati n'kanema chabe, ndiponso Barney adabwerera ku Vilena kukapulumutsa mtsikana popanda malipiro. Bodza lagona pamenepo. Wolemba filimu amam'patsa waganyu chikumbumtima kumapeto kuti woonera agone bwino. Waganyu weniweni amayendera pangano la ndalama. Amene walipira lero ndiye wolungama, akalipira wina mawa mfuti itembenuka. Chisilamu chidaika malire ngakhale pa nkhondo yololedwa: mkazi, mwana ndi wokalamba saphedwa. Nanga wopha chifukwa cha malipiro tingamutche bwanji ngwazi pamaso pa ana athu?

Makolo athu adati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mafilimuwa akutionetsa akulu oyenda ndi nsakali, amene achita manyazi ndi ukalamba wawo, nayesa kuubisa ndi zipolopolo ndi nthabwala pamwamba pa mitembo. Mwana wozolowera imvi zotere sadzaona chachilendo mwa gogo wake woyanjanitsa anthu pabwalo.

Sitikunena kuti nyumba za kanema zigwetsedwe. Tikupempha eni ake, ena mwa iwo timaswali nawo limodzi, kuti ayang'ane msinkhu wa amene akulowa. Ndipo inu makolo, mwana akabwera n'kuyamba kusimba mmene Barney adaphulitsira doko, mufunseni kuti adafawo adali ana a yani. Ife wathu uja tidamufunsa. Adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati filimuyo sidanene.